Wa ejensi akavulala pa ngozi ya pamsewu ku Britain: ndani amalipira, zingati, ndipo mpaka liti?

Pa 6 Epulo 2026 malamulo a ndalama za wantchito wodwala ku Britain anasintha, ndipo kusinthako kwadzutsanso funso lakale pakati pa anthu amene amapeza ntchito kudzera m'maejensi, monga osamalira okalamba, onyamula katundu m'nyumba zosungiramo katundu ndi madalaivala. Funso lake n'lakuti: ukachita ngozi pamsewu n'kulephera kupita ku shifiti, alipo amene amakupatsako kanthu? Yankho limene limayenda pakamwa n'lakuti wa ejensi akagona pa bedi ndiye kuti zake zada. Si zoona. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ndalama za munthu wovulala zimachokera m'matumba awiri osiyana. Thumba loyamba silifunsa kuti wolakwa ndani, limatseguka msanga, koma muli zochepa. Thumba lachiwiri muli zambiri, koma limafunsa wolakwa ndipo limachedwa. Wa ejensi ali ndi gawo m'matumba onse awiri, kungoti kwa iye pakamwa pa thumba loyambalo pali mfundo ina yofunika kuimasula.

Mafuwa atatu

Ntchito wamba imakhala ya anthu awiri, wantchito ndi bwana. Ya ejensi ili ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu: inu, ejensi imene inakulembani, ndi kampani imene mwatumizidwako. Amene amakuuzani zochita tsiku ndi tsiku ndi kampani, koma amene amakulipirani ndi ejensi. Mukavulala, aliyense mwa awiriwa akhoza kuloza mnzake.

Pa nkhani ya ndalama za odwala, lamulo siliyang'ana amene amakulamulani. Limayang'ana amene amakulipirani n'kumadula msonkho ndi National Insurance, yomwe ndi ndalama ya inshuwalansi ya boma yodulidwa pa malipiro. Ngati ndi ejensi, udindo ndi wa ejensi. Ena amalipidwa kudzera mu kampani yapakati, imene kumeneko amaitchula kuti umbrella company, ndipo zikatero bwana wanu pa lamulo ndi kampani ya ambulerayo. Kuyambira pa 6 Epulo 2020 ejensi iliyonse imakakamizidwa kupereka kwa munthu watsopano chikalata chotchedwa Key Information Document, chofotokoza amene adzakulipirani ndi zimene zizidulidwa. Ambiri amangochidutsa pa foni osawerenga, koma tsiku la ngozi ndi chimene chimakuuzani khomo loti mugogode.

Amene alibe gawo m'thumba loyambali ndi munthu wodzilemba yekha ntchito, amene amadzilipirira yekha msonkho.

SSP ndi chiyani

Thumba loyamba lija ndi ndalama imene lamulo limakakamiza bwana kupatsa wantchito wodwala, yotchedwa Statutory Sick Pay, mwachidule SSP. Inayamba mu 1983. Imaperekedwa mpaka masabata 28, imabwera pa tsiku la malipiro monga malipiro ena onse, ndipo imadulidwa msonkho ngati malipiro afika podulidwa.

Mpaka pa 5 Epulo 2026 panali zipata ziwiri zimene zinkatsekera kunja anthu ambiri a ejensi. Choyamba, munthu ankayenera kulandira £125 kapena kuposa pa sabata. Chachiwiri, masiku atatu oyamba a ntchito sankalipidwa, ndipo matenda osafika masiku anayi otsatizana sankawerengedwa n'komwe. Ndalama yake inali £118.75 pa sabata. Lamulo la Employment Rights Act 2025, limene linavomerezedwa mu Disembala 2025, linachotsa zipata zonse ziwirizo. Tsopano SSP imayamba tsiku loyamba limene mwajomba chifukwa cha kudwala, ndipo ndi £123.25 pa sabata kapena 80 peresenti ya malipiro anu a pa sabata, kutengera chimene chachepa pa ziwirizi. Malipiro a pa sabatawo amawapeza pophatikiza zimene munalandira m'masabata asanu ndi atatu musanadwale n'kugawa.

Tiyerekeze. Amene amalandira £100 pa sabata, yemwe kale sankapeza kanthu, tsopano apeza £80. Amene amalandira £450 apeza £123.25, yomwe sikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake. Palinso kagulu kamene kusinthaku kwakatsina pang'ono: wolandira £130 pa sabata kale akanapeza £118.75, koma tsopano apeza £104, ngakhale kuti akuyamba kulandira tsiku loyamba. Mabungwe a antchito amati ndalamayi ndi yochepabe kwambiri, pamene mabungwe a olemba ntchito amadandaula kuti mtolo wawakulira. Onse ali ndi pogwira.

Chofunika kwa munthu wa ngozi n'chakuti SSP ilibe nazo ntchito zoti ngozi inachitika bwanji. Kaya munagundidwa mukuwoloka msewu Lamlungu, kaya munawomba mtengo nokha chifukwa cha tulo pochokera ku shifiti ya usiku, funso ndi limodzi: kodi mukulephera kugwira ntchito? Ngati muli ndi maejensi awiri ndipo konse mukulephera kugwira, aliyense amalipira SSP yake payekha.

Udindo wanu ndi wochepa koma uli ndi nthawi yake. Dziwitsani ejensi m'nthawi imene inaika, ndipo ngati sinaike, pasanathe masiku asanu ndi awiri. Kuuza woyang'anira shifiti ku kampani sikukwanira, chifukwa si iye amalipira. Masiku asanu ndi awiri oyamba mumadzichitira nokha umboni. Akapitirira pamafunika kalata yachipatala yotchedwa fit note, ndipo kuyambira mu Julayi 2022 si dokotala yekha amene angalembe: namwino, wa ku famase, katswiri wa mafizo ndi katswiri wothandiza anthu kubwerera ku zochita zawo amaloledwanso. Ngati mwagonekedwa m'chipatala, pemphani kalatayo musanatuluke.

Mfundo ili pa kontirakiti

Apa ndi pamene wa ejensi amasiyana ndi mnzake wolembedwa mokhazikika. SSP imayenda ndi kontirakiti. Kontirakiti ikatha, SSP imathanso. Wolembedwa mokhazikika kontirakiti yake sitha chifukwa wagona masabata khumi. Nanga munthu amene amapatsidwa ntchito ya sabata imodzi imodzi, kapena amene amangolandira uthenga madzulo kuti mawa mubwere?

Nkhaniyi inafika mpaka m'makhoti. Mu 2007, pa mlandu wa pakati pa HMRC, lomwe ndi bungwe lotolera misonkho, ndi ejensi ya Thorn Baker, khoti la apilo linagamula kuti malinga ndi mmene lamulo linalili, wa ejensi wa kontirakiti yosapitirira miyezi itatu analibe SSP. Boma linatseka mpata umenewo, ndipo kuyambira pa 27 Okutobala 2008 kufupika kwa kontirakiti si chifukwanso chomumanira munthu. Mwina mphekesera yakuti wa ejensi salandira kanthu inachokera m'nthawi imeneyo, n'kutsalira m'makutu mwa anthu lamulo litasintha kale.

Komabe miyezi itatu idakali ndi ntchito, mwa njira ina. Malinga ndi malangizo a HMRC, ngati mwakhala mukugwira ntchito ndi ejensi imodzi miyezi itatu mosadukiza, amakuonani ngati munthu wa kontirakiti yopitirira, ndipo SSP imapitirira mpaka muchire, kapena masabata 28 athe, kapena kontirakiti ithetsedwe mwa dongosolo. Ngati simunakwanitse miyezi itatu, SSP imafika pamene ntchito imene munavomera inayenera kuthera. Tiyerekeze anthu awiri ali m'galimoto imodzi pa ngozi imodzi, onse athyoka mwendo. Woyamba wagwira ndi ejensi yake chaka chathunthu. Wachiwiri anayamba mwezi watha ndipo ntchito imene anamupatsa inatsala ndi masabata awiri. Woyamba akhoza kulandira mpaka atachira, pamene wachiwiri SSP yake ingathe pa masabata awiriwo, mwendo udakali mu pulasitala. N'chifukwa chake mauthenga a pa foni ndi maimelo osonyeza mashifiti amene munavomera kale si ofufuta. Komanso munthu amene analembedwa koma sanagwirepo ngakhale shifiti imodzi alibe SSP.

Lamulo linaoneratu chinyengo chimene chingabwere apa. Bwana akathetsa kontirakiti n'cholinga chongozemba SSP, amayenerabe kulipira ngati kuti sanathetse. Chovuta ndi umboni, chifukwa ejensi siinena kuti yakuchotsani. Imangoti pakadali pano ntchito kulibe. Ndipo tisabise, chikoka chozembera chilipo: kuyambira mu Epulo 2014 boma linasiya kubwezera olemba ntchito ndalama za SSP, choncho paundi iliyonse imatuluka m'thumba la ejensi. Si maejensi onse amene amazemba, ambiri amalipira bwinobwino, koma kudziwa kumene ndalama ikuchokera kumathandiza kumvetsa chifukwa chake foni ina imasiya kuyankhidwa.

Ejensi ikakana, iyenera kukupatsani fomu yotchedwa SSP1 pasanathe masiku asanu ndi awiri, yolembapo chifukwa chake. Kukana kwa pakamwa sikukwanira. Ngati simukugwirizana nacho chifukwacho, nkhani imapita ku HMRC, ku gulu lake loona za mikangano ya malipiro oterewa, ndipo limatha kulamula ejensi kulipira. Malangizo aulere amapezeka ku mabungwe olangiza anthu a Acas ndi Citizens Advice. Paja safunsa anadya phula.

Nanga za masabata 12 zija?

Anthu ambiri amasakaniza nkhani ziwiri. Malamulo a Agency Workers Regulations 2010, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2011, amati mukagwira ntchito imodzimodzi pa kampani imodzimodzi masabata 12, muyenera kufanana ndi antchito a kampaniyo pa malipiro, maola ndi tchuthi. Ena amamva ngati SSP imayamba pakatha masabata 12. Ayi, SSP sidikira zimenezo. Ena amamva ngati akadutsa masabata 12 azilandira malipiro athunthu a odwala amene kampani imapatsa antchito ake. Apanso ayi: malamulowo anachotsamo mwadala ndalama za odwala za kampani, pamodzi ndi penshoni ya kampani ndi ndalama zolipira munthu ntchito ikatha. Mnzanu wa yunifolomu yofanana nanu akhoza kulandira malipiro onse miyezi ingapo ali kunyumba, inu muli pa £123.25, ndipo lamulo silinaphwanyidwe. Chabwino chake n'chakuti kudwala sikufufuta masabata amene munasonkhanitsa. Kuwerenga kumangoima, mpaka masabata 28, n'kupitirira mukabwerera.

Thumba lachiwiri: chipukuta misozi

Mpata wa pakati pa SSP ndi malipiro anu enieni umatsekedwa ndi inshuwalansi ya dalaivala wolakwa. Lamulo la Road Traffic Act 1988 limakakamiza aliyense woyendetsa galimoto kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene angawavulaze. Apa zoti ndinu wa ejensi sizikuchepetsani m'pang'ono pomwe. Mumapempha ndalama za ululu ndi kuvulala, ndalama zimene mwawononga monga za mayendedwe ndi mankhwala, komanso malipiro amene mwataya.

Malipiro otayikawo amawerengera zimene zikanalowa m'manja mwanu msonkho utachotsedwa, n'kuchotsapo SSP imene mwalandira, chifukwa munthu salipidwa kawiri pa chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mumatenga £400 pa sabata ndipo mwagona masabata khumi. Mwataya £4,000. SSP yakupatsani £1,232.50. Chotsala choti inshuwalansi ilipire ndi pafupifupi £2,767.50. Masamu ake ndi osavuta. Chimene chimavuta kwa wa ejensi ndi kutsimikiza £400 ija. A inshuwalansi adzafunsa kuti: tikudziwa bwanji kuti mukanapitiriza kupatsidwa mashifiti? Maloya amakonda kupempha mapepala a malipiro a masabata 13 ngozi isanachitike, koma munthu amene maola ake amakwera ndi kutsika zimamukomera kusonyeza nthawi yotalikirapo, ngakhale chaka chonse, pamodzi ndi kalata ya ejensi yonena kuti ntchito inalipo.

Anthu a ejensi amakonda kukwerana galimoto imodzi popita ku ntchito, ndiye pali mfundo imene imawachititsa manyazi. Ngati wolakwa ndi mnzanu amene amayendetsa, inu wokwera muli ndi ufulu wopempha chipukuta misozi, ndipo wolipira ndi inshuwalansi yake. Ngati wolakwa analibe inshuwalansi kapena anathawa osadziwika, pali bungwe la Motor Insurers' Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1946 ndipo ndalama zake zimasonkhedwa ndi makampani a inshuwalansi. Koma bungweli likhoza kukana wokwera amene ankadziwa kuti galimoto imene wakwera ilibe inshuwalansi, ndipo pa ngozi ya wothawa likhoza kufuna kuti nkhani ikanenedwe ku polisi.

Mukakhala kuti munalakwako pang'ono, ndalama zimadulidwa molingana ndi gawo lanu. Chitsanzo chodziwika ndi lamba. Pa mlandu wa Froom ndi Butcher mu 1975, woweruza Lord Denning anaika muyezo umene ukugwirabe ntchito: kudula 25 peresenti ngati lamba akanakutetezani kotheratu, ndi 15 peresenti ngati akanangochepetsa kuvulala. Mukakhala kuti wolakwa ndinu nokha, thumba lachiwirili latsekeka, mwatsala ndi SSP.

Ku England ndi Wales zinthu zinasintha pa 31 Meyi 2021 kwa anthu ovulala khosi, msana kapena phewa chifukwa chogwedezeka mwamphamvu m'galimoto, kuvulala kumene amakutchula kuti whiplash. Boma linaika mitengo yokhazikika, kuyambira £240 pa ululu wosapitirira miyezi itatu mpaka £4,215 pa ululu wofika zaka ziwiri, ndipo mitengoyi inakwezedwa ndi pafupifupi 15 peresenti pa ngozi zochitika kuyambira pa 31 Meyi 2025. Ngati kuvulala sikupitirira £5,000 ndipo zonse pamodzi sizipitirira £10,000, munthu amapempha yekha pa intaneti kudzera pa Official Injury Claim, ndipo inshuwalansi siyibweza ndalama za loya. Oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto sali m'ndondomeko imeneyi. Dziwani kuti mitengo ija ndi ya ululu wokha. Malipiro otayika amawonjezedwa pamwamba, ndipo kwa munthu amene wagona nthawi yaitali ndi amene amakhala gawo lalikulu.

Nthawi yokasuma kukhoti ndi zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi. Maloya ambiri amagwira mwa pangano lakuti mukaluza simulipira, koma mukawina amatengako gawo, limene lamulo silimalola kupitirira 25 peresenti ya ndalama za ululu ndi za zimene munataya kale.

Vuto lenileni ndi nthawi. Lendi imafunika mwezi uno, pamene mlandu umatenga miyezi, wa kuvulala kwakukulu ngakhale zaka. Munthu amene ali pa £123.25 akamva kuti a inshuwalansi akufuna kumupatsa ndalama lero kuti nkhani ithe, mtima umati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma mukavomera n'kutseka mlandu, nthawi zambiri simubwereranso, ngakhale bondo litakana kuchira. Njira yapakati ilipo: ngati inshuwalansi yavomera kuti munthu wawo ndi wolakwa, loya akhoza kupempha kuti akupatseniko ndalama zina mlandu uli m'kati, zimene zidzachotsedwe pomaliza. Kukokomeza kuvulala nakonso n'koopsa, chifukwa lamulo la 2015 limalola khoti kutaya mlandu wonse, ndi mbali yoona yomwe, likapeza kuti wodandaula ananama pa mfundo yaikulu.

Munali pa ntchito kapena munali pa ulendo wa ku ntchito?

Kwa SSP funsoli lilibe ntchito, koma kwina lili nayo. Ngozi ikachitika muli pa ntchito, monga mukuperekera katundu kapena mukuchoka kwa wodwala mmodzi kupita kwa wina, mukhoza kupempha ndalama ya boma yotchedwa Industrial Injuries Disablement Benefit. Imayamba pakatha masiku 90, ndipo imafuna kuti madokotala a boma apeze kuti kulumala kwanu kwafika 14 peresenti kapena kuposa. Ulendo wamba wochoka kunyumba kupita ku ntchito nthawi zambiri suwerengedwa. Ngati ngozi inabwera chifukwa cha galimoto ya kampani yosakonzedwa, mlandu ukhoza kugwera kampaniyo kapena ejensi, poti onse awiri ali ndi udindo pa chitetezo chanu.

Pano ndipatukeko pang'ono. Osamalira odwala m'makomo amene amayenda pa galimoto yawoyawo ayang'ane pepala la inshuwalansi. Inshuwalansi ya maulendo a pakhomo ndi opita ku malo amodzi a ntchito siikwanira pa kuzungulira makomo a odwala. Pamafunika yolola kugwiritsa ntchito galimoto pa ntchito, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ngozi itachitika kale.

SSP ikatha

Masabata 28 akamayandikira, kapena kontirakiti ikatha msanga, fomu ya SSP1 ija ndi imene imatsegula makomo a boma. Pali New Style Employment and Support Allowance, imene imadalira ngati munadulidwa National Insurance yokwanira m'zaka ziwiri za msonkho zapitazo, ndipo mukhoza kuipempha kutatsala miyezi itatu kuti SSP ithe. Palinso Universal Credit, imene imayang'ana chuma cha banja lonse. Zina mwa ndalama za bomazi, ngati munazilandira chifukwa cha ngoziyo, boma limadzazitenganso kwa inshuwalansi kudzera ku ofesi yake ya Compensation Recovery Unit, ndipo inshuwalansi imazichotsa pa gawo la malipiro otayika, osati pa gawo la ululu.

Kwa amene ali pa viza yoletsa kulandira thandizo la boma, kusiyanitsa maina awa n'kofunika kwambiri. Universal Credit ili pa mndandanda wa thandizo loletsedwa, ndipo kuilandira kukhoza kusokoneza viza. SSP palibepo pa mndandandawo, chifukwa ndi malipiro ochokera kwa bwana. New Style Employment and Support Allowance nayonso palibepo, chifukwa imachokera pa zimene munadulidwa nokha. Chipukuta misozi cha inshuwalansi si thandizo la boma n'komwe.

Kuvulala kukatenga miyezi 12 kapena kukaoneka kuti kufika pamenepo, ndipo kukukulepheretsani kwambiri zochita za tsiku ndi tsiku, lamulo la Equality Act 2010 limakuonani ngati munthu wolumala. Lamuloli limagwira ejensi komanso kampani imene mwatumizidwako, choncho onse awiri ayenera kuganizira zosintha zimene zingatheke, monga shifiti yaifupi kapena ntchito yosanyamula zolemera, asananene kuti malo anu atha. Pa fit note pali malo amene wachipatala amalembapo kuti mukhoza kugwira ntchito ngati zina zitasinthidwa. Ejensi ndi kampani zikalephera kusintha zimenezo, kalatayo imawerengedwa ngati yonena kuti simungagwire ntchito, ndipo SSP imapitirira.